Injini ya kandege ikakana kulira m'chisanu cha ku Dedza

Amene anagonapo pa boma la Dedza m'mwezi wa June kapena July amadziwa phokoso lomwe limatsagana ndi kulira kwa atambala kumeneko: anyamata a kabaza akuponda kiki kambirimbiri, njinga yamoto n'kumangotsokomola osalira. Kumadimba a ku Bembeke nako, mlimi wa mbatata ya kachewere amakoka chingwe cha pampu ya mthirira mpaka phewa kuwawa, madzi osatuluka. Dzuwa likangowomba kwa ola limodzi, makina omwewo amalira pakamodzi ngati kuti sanavutepo.

Ambiri amaloza chala petulo wa m'zigubu kapena pulagi yakutha, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona. Komabe gwero lenileni la vutoli lili m'nyengo komanso m'kukwera kwa malowo. Makina omwe amaonetsa zimenezi poyera kuposa ena onse ndi aang'ono zedi, okwana m'chikhatho cha dzanja: injini ya kandege koulutsidwa ndi rimoti.

Masewera a tindege totere sanafale m'dziko muno, momwe mwana waluso amakulira pa galimoto ya mawaya. Ku South Africa, komwe kuli Amalawi ambiri, aliko mabwalo oulutsira tindegeti pansi pa bungwe la South African Model Aircraft Association. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo chisanu chake chimagwa m'miyezi yomweyi ya June ndi July. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, m'tsinde mwa phiri lomwe nsonga yake imafika mamita 2,198. Choncho zomwe oulutsa tindege a ku Joni amalimbana nazo m'mawa wa chisanu ndi zomwenso angakumane nazo mphunzitsi wa sayansi kapena wophunzira za uinjiniya amene angabwere ndi kandege kake pa bwalo la mpira la ku Dedza.

Injini yofala pa tindegeti ili ndi silinda imodzi. Ya msinkhu wapakati imakhala ya 6.5cc, kutanthauza kuti malo omwe pisitoni imayendamo amangoposa pang'ono sipuni ya tiyi, pomwe njinga ya kabaza imakhala ya 125cc kapena 150cc. Ngakhale ndi yochepa chonchi, imazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi imodzi. Ilibe koyilo ndipo ilibe pulagi yothetheka moto monga ya galimoto. Pamutu pake pamakhala glow plug, kapulagi kokhala ndi kawaya kopota ka chitsulo cha platinum. Njira imeneyi inafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kudzera mwa Ray Arden wa ku America, ndipo makampani monga O.S. Engines ya ku Japan akhala akupanga injini zotere kwa zaka zambiri.

Poliza injini, munthu amalumikiza kabatire ka mavoti 1.2 kapena 1.5 ku pulagiyo mpaka kawaya kaja katafiira ngati khala. Injini ikalira, batire limachotsedwa koma kawayako sikazima. Kutentha kwa moto wa m'silinda kumakasunga, komanso nthunzi ya mafuta ikakhudza platinum imayamba kupsa yokha pamwamba pa chitsulocho n'kumawonjezera kutentha. Mphamvu yonse ya injiniyi, tsono, yatsamira pa zinthu ziwiri: kawaya kotentha ndi nthunzi yokwanira. Kuzizira kumalimbana ndi zonse ziwiri.

Mafuta a injiniyi si petulo. Gawo lalikulu ndi methanol, mtundu wina wa sipiliti; kenaka pamakhala oyilo wokwana pafupifupi magawo 18 kapena 20 pa 100 aliwonse, ndi nitromethane yemwe pa zouluka wamba amakhala magawo 5 mpaka 15. Chofunika kumvetsa n'chakuti mafuta aliwonse sayaka ali madzimadzi. Chomwe chimayaka ndi nthunzi yake itasakanikirana ndi mpweya. Petulo ndi wopepuka mtima pa nkhaniyi chifukwa amatulutsa nthunzi yotha kuyaka ngakhale kuzizire kufika madigiri 40 pansi pa ziro. Methanol ndi wina: akazizira kufika cha m'ma madigiri 11 kapena 12, nthunzi yomwe amatulutsa imayamba kuperewera. Kupepuka kwa mpweya wa kumapiri kumatsitsako malire amenewa ndi madigiri ochepa, komabe m'bandakucha wa ku Dedza m'nyengo yozizira, pomwe kutentha kumatsika kufika madigiri 10 ngakhalenso kutsikirapo, umagwera pamalire pomwepo. Ku Salima kapena ku Chikwawa vutoli silingaoneke kawirikawiri. Pa makilomita 1 aliwonse omwe munthu wakwera m'mwamba, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndipo Dedza yakwera kuposa gombe la nyanja ya Malawi ndi mamita oposa 1,000.

Pali chinanso chomwe chimasautsa. Aliyense amene anapakidwapo sipiliti pamkono asanabayidwe jakisoni amakumbukira kuzizira kwake. Madzi kapena mafuta akamasanduka nthunzi amalanda kutentha kwa chinthu chomwe akhudza, ndipo methanol amalanda kowirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi petulo wolemera chimodzimodzi. Kuonjezera apo, injini imamwa methanol wochuluka: petulo amafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi kuti apse bwino, pomwe methanol amangofuna magalamu 6.4. Zotsatira zake n'zakuti injini yozizira kale imadziziziritsanso yokha nthawi iliyonse yomwe yakoka mafuta. M'mawa wa nkhungu, kukamwa kwa kabuleta kumatha kuchita tinthu toyera ta madzi oundana ngakhale kunja kusanafike pa ziro. Madontho omwe sanasanduke nthunzi amakafika pa kawaya ka pulagi n'kukazimitsa, monga momwe madzi amazimitsira khala.

Nkhungu ya ku Dedza ili ndi mlandu wina. Methanol amayamwa chinyontho cha mumpweya, ndipo botolo losiyidwa chitsegulire pabwalo kwa maola ochepa limayamba kulowa madzi osaoneka ndi maso. Mafuta otere amavuta kuyaka, ndipo injini ikalira imazima msanga batire likangochotsedwa.

Oyilo wa m'mafutawa ndi wodziwika kwa agogo ambiri a kumudzi kuposa kwa amakanika. Kuyambira kale, opanga mafuta a tindege amagwiritsa ntchito mafuta a nsatsi, chomera chomwe chimamera chokha m'mabwinja ndi kudzala. Chifukwa chake n'chakuti mafuta a nsatsi amasakanikirana bwino ndi methanol, zomwe oyilo wamba wa galimoto sachita, komanso amapirira kutentha kwambiri. Ndege za pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse zinkadalira mafuta omwewa, ndipo dzina la Castrol linachokera ku dzina lawo la Chingerezi. Masiku ano ambiri amawasakaniza ndi oyilo wopangidwa kufakitale. Kuipa kwa nsatsi n'kwakuti ikazizira imalimba ngati uchi, ndipo yotsalira m'injini yomwe yakhalitsa osalira imamata ngati ulimbo. Munthu akatembenuza pulopela m'mawa amamva kulemera. Pisitoni sithamanga mokwanira kuti ipanikize mpweya ndi kuutenthetsa. Mafuta a nsatsi okazinga ndi kusinja pakhomo, ngakhale ndi abwino kudzola, sayenera kuthiridwa m'injini chifukwa amakhala ndi zitsotso zomwe zimatseka kabuleta.

Injini zambiri za mtunduwu zilibenso mphete pa pisitoni. Silinda yake, yomwe imakhala ya brass yokutidwa ndi chrome kapena nickel, inapangidwa mopanikiza pang'ono kumtunda mwadala, kuti ikatentha n'kufutukuka ifike pa muyezo woyenera. Ikazizira, pisitoni imathina pamwambapo mpaka kulira ngati khoswe. Kukakamiza injini yotere ndi sitata yamagetsi isanafunde kumaperepesa zitsulo zomwe zikanatha zaka.

Batire nalo limafooka. Kuzizira kumachedwetsa ntchito ya mankhwala a m'kati mwake, moti kabatire komwe masana kamafiiritsa kawaya bwinobwino, m'mawa kamangokachititsa mdima wofiirira. Njira yodziwira ndi yosavuta: kumasula pulagi, kuilumikiza ku batire, n'kuyang'ana m'chikhatho mophimba kuwala. Kawaya koyenera kamawala mofiira cha ku lalanje. Alipo mapulagi otchedwa otentha, a kawaya kopyapyala kosachedwa kufiira, ndipo ndi omwe amathandiza m'nyengo yozizira.

Zonsezi zingachitike kulikonse komwe kumazizira. Chomwe chimasiyanitsa Dedza ndi kukokana kwa zinthu ziwiri pa kasingano kamodzi. Pambali pa kabuleta pamakhala singano yopotokola yomwe imachepetsa kapena kuchulukitsa mafuta olowa m'injini. Mpweya wozizira ndi wothithikana, uli ndi okosijeni wambiri, choncho umafuna kuti singano itsegulidwe. Mpweya wa kumapiri ndi wopepuka: pa mamita 1,600 umachepa ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 poyerekeza ndi wa kugombe la nyanja ya mchere monga ku Beira, choncho umafuna kuti singano itsekedweko. Munthu wowerenga malangizo olembedwa ku England, onena kuti kukazizira atsegule singano, akhoza kuikhutitsa mafuta injini yake ngati anaitchera kunyanja n'kubwera nayo ku Dedza osaganizira za phiri. Ngakhale wochokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita 85 okha pa msewu wa M1, amakhala wakwera mamita oposa 500.

Pa malo amodzimodziwo, kusintha kwa kutentha pakati pa m'mawa ndi masana kumasunthanso muyezo. Mpweya wa madigiri 8 ndi wothithikana ndi magawo 4 pa 100 kuposa wa madigiri 20. Chiwerengerochi chikuoneka chochepa, koma kwa injini yomwe inatcheredwa ndendende dzulo masana n'chokwanira kuipereweretsa mafuta lero m'mawa. Apa ndiye pali ngozi yomwe ongoyamba kumene saiyembekezera. Popeza oyilo amalowa limodzi ndi mafuta, ndipo methanol ndiye amathandiza kuziziritsa injini kuchokera m'kati, injini yoperewera mafuta imaperewera oyilo n'kutentha mopyola muyezo. Imalira mokoma, mokweza, kenaka n'kuzima kandege kali m'mwamba. Injini imatha kupsa pa tsiku lomwe mwini wake akunjenjemera ndi chisanu. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba ndi singano yotseguka pang'ono, utsi ukuoneka kumbuyo, n'kumatseka pang'onopang'ono injini itafunda, kenaka n'kubwezeranso m'mbuyo pang'ono ikafika pachimake. Amanyamulanso kandegeko n'kukalozetsa mphuno kumwamba injini ikulira mwamphamvu; ikayamba kufooka, ndiye kuti mafuta akuchepa.

Mphamvu yotayika chifukwa cha phiri siingabwezedwe ndi singano. Injini yopanda chopopera mpweya imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse okwera, ndipo mapiko nawo amafuna liwiro lokulirapo kuti anyamuke mumpweya wopepuka. Oulutsa tindege kumalo okwera amakonda mafuta okhala ndi nitromethane wochulukirapo, chifukwa mankhwalawa amanyamula okosijeni wawowawo.

Mankhwala a vuto la kuzizira ndi kutentha, ndipo njira zake n'zotsika mtengo. Kandege, mafuta ndi batire zimagona m'nyumba, botolo litatsekedwa zolimba. Popita kubwalo, batire limayenda m'thumba la m'kati mwa jekete. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'kansalu n'kugonekedwa pamutu pa injini kwa mphindi zingapo limafewetsa oyilo, limamasula pisitoni, ndiponso limapatsa methanol kutentha komwe akufuna. Kenaka, batire lisanalumikizidwe, munthu amatseka kukamwa kwa kabuleta ndi chala n'kuzunguza pulopela katatu kapena kanayi kuti mafuta akwere m'paipi, n'kuzunguzanso chala atachotsa kuti afalikire m'kati. Ena amadontheza dontho limodzi kapena awiri a petulo m'kabuleta kuti moto woyamba ugwire msanga, koma osapitirira apo popeza petulo yekha alibe oyilo. Injini ikalira, batire limasiyidwa kwa masekondi ena 20 kapena 30, ndipo imapatsidwa mphindi zingapo ikulira pang'onopang'ono isanatsegulidwe yonse.

Cholakwika chofala ndi cha mtima wapachala. Injini ikakana, munthu amawonjezera mafuta, ikakananso amawonjezeranso, mpaka m'kati mumadzaza. Mpweya umapanikizika koma madzi sapanikizika, ndiye pisitoni ikakumana ndi mafuta odzaza pamwamba imaima nji. Sitata yamagetsi ikaumirira pamenepo imapinda kapena kuthyola kachitsulo kolumikiza pisitoni. Pulopela ikangolimba mwachilendo, chofunika ndi kumasula pulagi, kutsina paipi ya mafuta, kutembenuza kandege chadodolido n'kuzunguza mpaka mafuta onse atatuluka, nkhope itayang'ana kumbali.

Wa kabaza angadzizindikire m'nkhaniyi. Chala chotseka kabuleta ya kandege ndi chimodzimodzi choke ya njinga yamoto: zonse zimachepetsa mpweya kuti mafuta akokedwe ochuluka, popeza m'chisanu ndi gawo lochepa lokha lomwe limasanduka nthunzi, lina limangomata m'makoma ozizira a injini. Kabuleta yotcheredwa kuchigwa imakhala kale ikupereka petulo wochuluka ikafika ku Dedza, moti kuiwala kubweza choke injini itafunda kumadetsa pulagi ndi mwaye, kumatsuka oyilo m'makoma a silinda, ndiponso kumamwa ndalama za tsikulo. Oyilo wa 20W-50 amalemera m'mawa monga nsatsi ija, ndipo kukoka moto mwamphamvu njinga itangolira kumene kumatha injini msanga kuposa ulendo wautali. Mphindi imodzi kapena ziwiri ikulira yokha n'zokwanira. Za kuyatsa makatoni kapena nsanza pansi pa injini ya lole kapena ya chigayo, monga ena amachitira, n'zoika moyo pachiswe. Madzi ofunda amagwira ntchito yomweyo popanda kuotcha nyumba.

Pa kandege, moto ndi woopsa koposa chifukwa lawi la methanol silioneka bwino masana. Munthu akhoza kugwira pomwe pakuyaka asakudziwa. Methanol ndi poizoninso: masipuni awiri okha a tiyi akhoza kuchititsa khungu, ndipo ochulukirapo amapha. Mafuta a tindege nthawi zambiri amakhala ofiirira kapena obiriwira, ooneka ngati chakumwa cha ana, choncho kuwasunga m'botolo la zoziziritsa kukhosi ndi kutchera msampha pakhomo. Pulopela nayo, ikamazungulira maulendo 10,000 pa mphindi, sioneka, ndipo zala zofa dzanzi ndi kuzizira sizimva msanga kuti zayandikira. Poliza ndi dzanja pamafunika kamtengo kokutidwa ndi labala, singano ipotokoledwe munthu ali kumbuyo kwa pulopela, ndipo sikafu, zingwe za jekete kapena nsonga ya chitenje zimangidwe kaye.

Tindege tomwe Amalawi ambiri amvapo si ta methanol ayi, koma ta magetsi. Mu March 2016, boma mogwirizana ndi UNICEF linayesa kunyamula magazi oyezetsa HIV a makanda pa ma drone mumzinda wa Lilongwe. Mu June 2017 kunatsegulidwa dera loyeserera ma drone lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la Kasungu, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America, anapanga kandege kotchedwa EcoSoar komwe kanauluka kokha makilomita 19. Mu January 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe. Mota ya magetsi siikana kuzungulira m'chisanu, komabe vuto limangosamukira ku batire. Batire la lithium likazizira limatulutsa magetsi monyinyirika, mphamvu yake imagwa mwadzidzidzi pomwe kandege kakukwera, ndipo nthawi youluka imafupika. Mpweya wopepuka wa kumapiri umachititsanso kuti mapulopela azungulire kwambiri kuti anyamule katundu yemweyo. Opanga ma drone monga DJI amalangiza kufunditsa batire lisanagwiritsidwe ntchito ndi kuimitsa drone m'malere chapafupi kwa kanthawi isanapite kutali. Kutchaja batire la lithium pomwe kwazizira kufika pa ziro kumaliwononga kosabwerera. Ngati katunduyo ndi mankhwala opita kuchipatala cha kuseri kwa phiri, mphindi zotayikazo zimasiyanitsa kufika ndi kugwera m'munda.

Wina angafunse chifukwa chomwe munthu sangangodikira dzuwa. Yankho lili mumphepo. M'miyezi yomweyi ndi momwe mumawomba mwera kuchokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo kawirikawiri m'bandakucha kumakhala bata, mphepo n'kumakula dzuwa likamakwera. Kandege kolemera makilogalamu awiri kapena atatu sikalimbana ndi mphepo yozungulira m'mbali mwa phiri. Nthawi yabwino youluka ndi yomweyonso yovuta kuliza injini, monganso wa kabaza amapeza makasitomala othamangira basi ya ku Lilongwe pa nthawi yomwe njinga yake yazizira kwambiri.

Pachifukwa chimenechi, ntchito yoliza injini m'mawa imayamba madzulo a dzulo lake. Akamaliza kuuluka, mwini kandege amatsina paipi injini ikulira kuti imalize mafuta onse a m'kati, popeza methanol wotsalira amakoka chinyontho usiku n'kuchititsa dzimbiri pa mabering'i. Amakhuthula thanki, amadontheza oyilo wopepuka pang'ono m'kabuleta n'kuzunguza pulopela kangapo, amatchaja kabatire ka pulagi, kenaka amalowetsa zonse m'nyumba, kutali ndi mbaula.